Palibe Angakube, Kuwabara

Lolemba, 3 Malichi

Shirane, katswiri wathu wamkulu, naye akupita ku Amereka. Walengeza lero masana pamaso pa atolankhani, atavala suti yakuda, misozi ili mbwembwembwe, kuwerama mpaka mphumi kufuna kugunda tebulo. Akuti mtima wake utsala kuno. Ndi wachitatu ameneyu. Asahina anasiya mtima wake kuno chaka chatha, Kurosu anasiya wake mu Okotobala. Kampani yathu ya masewera ogwetsana ya Shiokaze yadzaza ndi mitima, koma anthu oti alowe mu ring'i n'kugwetsana ndiye akutha.

Abwana Nagumo, eni kampani, anaima pambali pake n'kunena kuti uwu ndi m'bandakucha wa nyengo yatsopano. Mawu omwewo ananena pa Asahina, omwewonso pa Kurosu. Kwathu kuno kumacha pafupipafupi, dzuwa lokha ndi limene sitinalionepo.

Pakhomo la dojo, pomwe timachitira mafizo, pali chithunzi chachikulu cha akatswiri athu. Wina akachoka, abwana samasindikiza china. Amangomata pankhope yake pepala la malonda a mankhwala opaka msana, a kampani imene imatithandiza. Pano chithunzicho chikuoneka ngati cha sitolo ya mankhwala. Ine nkhope yanga palibe. Pali miyendo yanga yokha, pansi pa phazi la Asahina.

Koma izi sizikundikhudza. Zaka zoposa makumi awiri ntchito yanga yakhala imodzi: kulowa, kumenyedwa mokoma, kugona chagada, refa amenye pansi katatu, mnzanga atuluke ali ngwazi. Wopambana amasankhidwa mu ofesi, ululu wokha ndiwo umakhala weniweni. Ochemerera amanditcha Mtsamiro, poti aliyense amene anatchukapo muno anayamba wagona pa ine. Pa 23 ndimenya komaliza, masewera otsegulira, anthu akadali kufunafuna mipando. Ndiwerame mbali zonse zinayi, ndikakwere sitima ya ku Niigata. Mkazi wanga Michiyo akundidikira, ndi shopu ya abambo ake yopanga tofu, chakudya cha soya choumbidwa.

Tsiku lomwelo Shirane atula lamba wa ukatswiri. Mwambo ndi umenewo: wochoka amachoka chagada, amagonja kwa wotsala, kuti anthu aone kuti mphamvu zatsala pakhomo. Abwana asankha mnyamata wathu wina, Nonomura, kuti adzamugwetse n'kulandira.

Lachiwiri, 4 Malichi

Foni ndi Michiyo. Msana wa apongozi wafika poipa. Lero alephera kunyamula ndowa ya soya wonyika, anangoima ataigwira, osapemphanso thandizo. Michiyo chipitireni kumeneko amayi ake atamwalira wakhala akuyesetsa, koma ndowa zija ndi miyala yokanikizira tofu zimafuna munthu wa mapewa. Mkuluyo safuna kulemba mlendo m'shopu imene anasiya agogo ake. Anena mosapsatira kuti mkamwini akapanda kufika pakutha pa mwezi uno, atseka.

"Ulendo uno mubweradi?"

"Ndibwera."

"Munatero chaka chatha."

"Chaka chatha Asahina anali atangochoka, kunalibe woti..."

"Kunalibe woti azigonedwa. Ndikudziwa."

Chikwatiranireni sanabwerepo kudzandionera. Akuti sangakwere sitima kukaona mwamuna wake akupondedwa. Anansi akamufunsa amati ndimagwira ntchito yonyamula katundu ku Tokyo, ndipo ukaganiza bwino si bodza kwenikweni.

Lachinayi, 6 Malichi

Nonomura amupaka tsitsi la golide. Amusokera mkanjo wa nthenga, akayenda ukumasiya nthenga m'njira monse. Abwana anatisonkhanitsa tonse otsala, anthu a mimba ndi zipsera, n'kumuimika pakati.

"Tsogolo ndi ili! Liyang'aneni bwino!"

Tinaliyang'ana. Tsogolo linali likutafuna chingamu.

Mnyamatayu luso ali nalo, sindikukana. Ndine ndinamuphunzitsa kugwa osathyola khosi, monga ndinaphunzitsira Shirane ndi onse aja. Chimene chimandiwawa n'choti ndikangomaliza kuphunzitsa munthu kugwa bwino, amakagwera kutsidya kwa nyanja.

Loweruka, 8 Malichi

Ndamupeza Nonomura kumbuyo kwa basi ya kampani, zomvera zili m'makutu, akubwereza mawu a Chingelezi motsitsa. Sindinauze munthu.

Lolemba, 10 Malichi

Wapita. Mkanjo wa nthenga wausiya pampando, wopindidwa bwinobwino. Mtima wakenso akuti watsala kuno.

Cha m'ma 11 anandiitana ku ofesi. Ndinaganiza kuti ndi za maluwa a tsiku langa lopuma. Ndinapeza abwana maso ali psuu koma nkhope yowala, ngati munthu amene watulukira mankhwala a dazi.

"Khala pansi, Kuwabara. Ndalipeza vuto lathu. Ife timapereka lamba kwa anthu abwino. Munthu wa nkhope yosalala, wothamanga, mawondo athunthu. Ndiye a ku Amereka akayatsa TV amamuona. Ife kulera anapiye, akabawi n'kumadya."

"Zoona, bwana."

"Tsono ndadzifunsa: m'kampani muno ndani amene palibe aliyense padziko lapansi angamufune?"

Ndinayamba kuwathandiza kuganiza. Ndinatchula mayina awiri. Iwo amangondiyang'ana, akumwetulira mwachikondi.

"Iwe, Kuwabara. Palibe angakube."

Ananena ngati akundiveka nkhata ya maluwa.

"Bwana, ndili ndi zaka 46. Bondo lamanzereli limalira ndikamakwera masitepe."

"Ndi zimenezo! Usalichiritse ayi. Pa 23 ukugwetsa Shirane, ukutenga lamba, ukhala naye mpaka tipeze pogwira."

Ndatuluka mutu utaima. Mwini lamba sapuma. Mwini lamba sakwera sitima ya ku Niigata.

Lachiwiri, 11 Malichi

Ndinapita kukakana. Ndinakoka mpweya m'mano, ndinapendeketsa mutu, n'kunena kuti, "Bwana, nkhani ija ndi yovutirapo pang'ono." Munthu aliyense woleredwa bwino amadziwa kuti ameneyo ndi ayi wamkulu, wotseka ndi loko.

"Zovuta ndiye zimakoma!" anatero abwana.

Ndinawerama kupepesa. Iwo anawerama kuposa ine. Ndinatsikanso, bondo likulira. Iwo anatsikanso. Kenako mkulu wa imvi uja anagwada pansi penipeni, manja pasimenti, mphumi pasimenti, munthu amene ananditola ndili mnyamata wosowa kolowera n'kundipatsa pogona. Ali chigwadire anati lamba akapita osagonjetsedwa, a TV atisiya, ndipo anyamata otsalawa ndi mabanja awo adzalowera kuti?

Sindinanene kuti inde. Koma sindinanenenso kuti ayi, ndipo kwathu kuno zimenezo ndi inde. Ngakhale pa mpikisano wowerama ndagonja.

Michiyo sindinamuuze. Waimba, ndamufunsa za nyengo.

Lachinayi, 13 Malichi

Kuphunzira kupambana. Sindinadziwe kuti n'kovuta chonchi.

Ndili ndi kamenyedwe kanga komalizira, ndinakatcha Kugwa kwa Phiri ndili mnyamata wodzimva. Umamunyamula munthu paphewa, kuzungulira naye, n'kumubwanyula pansi. Chikhalire sikanamalizepo munthu. Nthawi zonse ndikanyamula, mnzanga amapulumukira kumbuyo n'kundigwetsa ineyo. Ndiye lero ndamunyamula Shirane, ndazungulira, n'kuima.

"Akulu," anatero ali m'mwambamo, "mukudikira chiyani?"

"Kuti uthawe."

"Sindithawa, akulu. Ndigwetseni."

Ndinamugwetsa. Kenako ndimayenera kumugonera, koma sindinadziwe poika manja. Ndinamugonera cham'mbali, mwaulemu, ndipo pakamwa panga panatuluka "pepa." Enomoto, refa wathu wakalekale, anaseka mpaka kukhala pansi. Atayesa kundikweza mkono anati, "Iwe, tathandizako, ukulemera ngati wa maliro. Wopambana amakweza yekha."

Nyimbo yanga nayo ndi nkhani. Wopambana amamuyimbiranso nyimbo yake pomaliza. Yanga amaidula ndikangoponda mu ring'i, moti woyang'anira zokuzira mawu wavomera kuti sakudziwa ngati ili ndi mathero.

Kenako kwabwera Mayi Sasagawa a mu ofesi. Akufuna kuuza ochemerera mtundu wa timalamba ta pepala toponya mu ring'i, poti katswiri aliyense ali ndi mtundu wake. Shirane amamuponyera tobiriwira, mpaka kumukwirira.

"Inu wanu ndi uti, a Kuwabara?"

"Sindikudziwa, mayi. Palibe anandiponyerapo."

Ananena kuti auza anthu abwere ndi uliwonse. Zinandikhudza, sindinama.

Loweruka, 15 Malichi

Tinali ku kamzinda ka ku Tochigi, m'holo ya masewera ya sukulu. Anthu ochepa, ambiri okalamba, nsapato zawo atavulira pakhomo n'kuziika m'timatumba ta pulasitiki. Abwana anati ndiyambe kupambana lero kuti anthu azolowere. Anandipatsa Gonda, mnzanga wa mimba yaikulu, amene wandigonera kosawerengeka.

Zinayenda bwino mpaka pamene Gonda anandimenya ndi mkono wake pakhosi. Mkono umenewo thupi langa limaudziwa ngati belu la kusukulu. Ndisanaganize n'komwe ndinali chagada, manja tambalale, maso kudenga, mtendere wokhawokha. Gonda anaima pamwamba panga.

"Dzuka, iwe! Lero ndi iweyo!"

"Ndine chiyani?"

"Wopambana, chitsiru!"

Anachita kudzipunthwitsa yekha pa mwendo wanga, kugwa, n'kundikokera pamimba pake ngati bulangete. Enomoto anawerenga mothamanga asanaone zina. Holo yonse zii. Kenako agogo ena kutsogolo anafunsa mokweza, "Kodi Mtsamiro wadwala?"

Abwana akuti zayenda bwino kwambiri, anthu adabwa, ndipo kudabwa ndiye malonda.

Lamulungu, 16 Malichi

Kasitomala wina wapita ku shopu ndi nyuzipepala ya zamasewera. Chithunzi changa, ndili pamimba pa Gonda, nkhope ngati ndaba. Pamwamba alemba kuti TSOGOLO LA SHIOKAZE. Waonetsa apongozi. Waonetsanso anansi onse aja amene ankadziwa kuti ndimanyamula katundu.

Michiyo sanakalipe. Bola akanakalipa.

"Ndimve kwa inu. Mukatenga lambayo, mubwera liti?"

"Mwina... pakapezeka wina."

"Wina ameneyo akaphunzira Chingelezi?"

Ndimamva phokoso la madzi kumbali kwake, amatsuka nsalu zosefera.

"Abambo akonza kale chipinda cham'mwamba," anatero. "Akugulirani nsapato za jombo. Anachita kufunsa saizi yanu kwa ine, mwamanyazi. Ine ndakhala ndekha zaka zonsezi osadandaula, a Tetsuji. Ndapempha chinthu chimodzi."

Pamenepo ndinalumbira. Ndinamuuza kuti pa 23 pali malo amene Shirane adzandimenya ndi bondo lake lotchuka lija n'kundigonera, ndipo ine ndikuyenera kutukula phewa refa atawerenga kawiri. Sindidzatukula. Ndidzagona monga ndagonera moyo wanga wonse, abwana adzalira, ine ndidzabwera.

"Zimenezo ndiye mumazitha," anatero, n'kudula.

Lachiwiri, 18 Malichi

Munthu sungamuchite chiwembu mu ring'i osamuchenjeza, ndi khosi lake limenelo. Ndinamutengera Shirane kokadya soba, chakudya chonga supageti, masana n'kumuuza zonse.

Anaika timitengo todyera pansi. Mwana ameneyu ndinamulandira ali woonda ngati bango, akulira usiku kufuna amayi ake. Pano ali ndi wotchi yonyezimira ndi mano oyera ogula.

"Akulu, simungandichite zimenezo. Ndikachoka nditapambana, anthu adzati zabwino zonse zili kutsidya, kuno kwatsala makoko. Ndipo ine sindidzapondanso m'dziko muno chifukwa cha manyazi. Si inu munandiphunzitsa kuti wochoka amachoka chagada?"

"Inenso ndikuchoka, iwe."

Sanaganizepo zimenezo. Palibe anaganizapo.

"Pepani, akulu. Koma ine sindipambana. Mukagona, ndikudzutsani."

"Ukandidzutsa ndigonanso."

"Ndiye tidzaona amene adzatope."

Anapereka yekha za chakudya, mwamwano. Madzulo ndinamutsina khutu Enomoto. Iye anangokanda dazi lake n'kunena kuti amawerenga zimene waona, koma mkono wake masiku ano uli ndi nyamakazi, umatha kuchedwa kutsika.

Onse andiukira. Moyo wanga wonse anthu akhala akulimbana kuti andigwetse, lero akulimbana kuti ndisagwe.

Lachisanu, 21 Malichi

Msonkhano wa atolankhani. Shirane wanena kuti andiphwanya. Ine ndimayenera kunena mawu oopsa amene abwana anandiloweza, koma maiki atandifika ndinangoti, "Ndiyesetsa kusakhumudwitsa anthu ambiri." Mtolankhani wina walemba kuti ndili ndi kudekha kwa ankhondo akale.

Matikiti atha. Koyamba chichokereni Asahina. Mayi Sasagawa akuti anthu akufuna kudzaona ngati n'zoona.

Lamulungu, 23 Malichi

Chikwama cha ku Niigata ndalongedza, chili pakhomo. Bondo ndalimanga.

Lolemba, 24 Malichi

Ndikulemba ndili chigonere, khosi silikutembenuka. Ndilembe zonse ndisanayambe kudzinamiza.

Holo inadzaza mpaka oima kumbuyo. Belu litalira tinayamba bwino, mwaulemu. Pasanapite nthawi ndinapeza mpata: anandikankha pang'ono chabe, ine pansi, chagada. Anandigonera poti anthu akuona. Enomoto anamenya kamodzi, kawiri, ndipo Shirane anandigwira tsitsi n'kunditukula yekha. Anthu anaona ngati akundizunza dala, mkulu wake, pa tsiku lake lochoka. Anayamba kumukuwiza! Mwana wawo wokondedwa uja!

Kenako iye anadzigwetsa pa chigongono changa chimene sichinamukhudze n'komwe, n'kundikokera pamwamba pake. Ndinagubuduka kuchokapo. Anandikokanso. Ndinaika phazi langa pachingwe kuti refa asiye kuwerenga, munthu kudzipulumutsa ku chipambano chake chomwe. Tinagubuduzana uku ndi uku, aliyense akufuna kukhala pansi pa mnzake, tikutukwanizana chonong'ona.

"Gonerani, akulu, chonde!"

"Gonera ndiwe, galu iwe, ndili ndi sitima yoti ndikwere!"

Nyuzipepala ya lero yati sinaonepo amuna awiri okana kugonja ngati amenewa.

Tinatopa zenizeni. Magazi m'kamwa, mpweya kusowa. Ndiye inafika nthawi ya bondo lija. Anakwera pamwamba pa zingwe, anadumpha, ndipo chifukwa cha kutopa anaphonya muyeso. Bondo linandipeza pachibwano mwachoonadi, iye mutu wake unagunda pansi. Anandigwera pachifuwa ngati thumba la mpunga. Ndinamva kulemera kwake n'kudziwa kuti wakomoka pang'ono, ulendo uno sanditukula.

Basi, zinatheka. Chimene ndimafuna. Ndinatambasula manja, kuyang'ana magetsi a kudenga. Enomoto anamenya kamodzi. Anakweza mkono pang'onopang'ono, nyamakazi yake ija, n'kumenya kachiwiri. Anthu athu akaona zoopsa sakuwa, amangoti zii, moti umamva ngakhale munthu akutsegula botolo. Ndinaganiza za jombo zija. Ndinaganizanso kuti ndatha, ndipo sindinadziwepo n'kamodzi komwe kuti zimamveka bwanji. Chisoni chinandigwira, chachikulu, chimene sindinachiyembekezere.

M'kachetechete momwemo munamveka mawu a mzimayi, ochokera kumbuyo kwenikweni, mawu amene amandidzutsa ndikagonereza.

"Tetsuji! Tadzuka apo, iwe!"

Phewa linatukuka. Ndikufuna kulemba kuti linatukuka lokha, koma ayi. Ndinalitukula ndine.

Phokoso lake sindingalifotokoze. Shirane anatsitsimuka, anandiyang'ana, akumwetulira ndi mano ogula aja ali ofiira. Ndinamunyamula paphewa, bondo likukuwa, ndinazungulira, ndipo sindinadikire. Phiri linagwa. Manja ndinadziwa powaika. Enomoto nyamakazi inamuthera pomwepo.

Nyimbo yanga ili ndi mathero, ndipo ndi oipa kwambiri, malipenga okhaokha. Koma sindinawamve bwino chifukwa timapepala tinayamba kugwa. Tofiira, toyera, tachikasu, tobiriwira totsala kwa Shirane, mtundu uliwonse monga anauzidwira. Tinandikulunga miyendo mpaka ndinatsala pang'ono kugwanso. Ndinalira ngati mwana, lamba ali m'manja, osadziwa kuti amamangidwa bwanji.

Shirane anagwada, mphumi pansi, n'kunena kuti wasiya kampani m'manja mwanga. Ndinamukumbatira n'kumunong'oneza kuti akakafika asakaonetse anthu chithunzi changa.

Michiyo ndinamupeza pakhomo lakumbuyo, kachikwama m'manja, atavala jasi lake lopitira ku maliro ndi ku maukwati.

"Ndinabwera kudzakutengani," anatero. "Ndimati ndikuoneni mukugona komaliza, tikwere sitima limodzi."

"Nanga unakuwiranji?"

"Munagona moipa. Ndinakuonani nkhope. Amene uja sanali munthu woti akubwera kwathu, anali maliro. Ine maliro ndasunga okwanira m'nyumba muja." Anapukuta m'maso mwaukali. "Musaganize kuti ndakukhululukirani. Abambo mukawauza nokha."

Anakwera sitima yekha. Chikwama changa chikadali pakhomo.

Lachitatu, 26 Malichi

Chithunzi chatsopano pakhomo la dojo, choyamba kusindikizidwa patapita zaka. Nkhope yanga yokha, yaikulu ngati chitseko, ndipo mankhwala a msana ali pambali, pamalo oyenera. Abwana andikonzera maulendo mpaka Disembala. Andiletsanso kuyandikira munthu aliyense wolankhula Chingelezi. Akuti dzulo kunaimba foni yochokera kunja, iwo anangoidula osamva n'komwe kuti akufuna chiyani. Mwina anali olakwitsa nambala, koma chakudya sanadye.

Ndaimbira apongozi. Ndinakonza mawu ambiri opepesa, ndinaima chilili ndi kuwerama ngakhale samandiona. Anandidula pakati.

"Ndamva. Ubwere Lolemba udzandinyamulire ndowa komaliza. Ubwere nacho chinthucho."

Lolemba, 31 Malichi

Niigata. Kuzizira, chipale chofewa chikadali m'mbali mwa msewu. Jombo zija zinali pakhomo la shopu, zatsopano, zoyang'ana kunja kuti ndingolowetsa mapazi. Zinandikwana ndendende.

Tinagwira ntchito osalankhula. Ndinanyamula ndowa, ndinapera soya, ndinathira m'chimphika. Apongozi amangoloza ndi chibwano. Michiyo amasefa, osandiyang'ana. Anansi anabwera ndi mbale zawo kudzagula komaliza, ena amandisuzumira n'kumanong'onezana. Mayi wina anati, "Kodi ndi amene amanyamula katundu aja?" Michiyo anati, "Omwewo."

Titathira tofu womaliza m'bokosi lake lathabwa n'kuvundikira, ndinapita kukatenga mwala wokanikizira. Apongozi anandiletsa ndi dzanja.

"Bweretsa chija."

Ndinamutulutsa m'chikwama. Lamba wa Shiokaze, golide wake akunyezimira m'nthunzi. Asahina anamuvala, Kurosu anamuvala, Shirane anamuvala. Mkuluyo anamulandira ndi manja awiri, anamuyeza m'mwamba ndi pansi monga amayezera soya, n'kumuika pachivundikiro cha bokosi. Tinadikira. Madzi amangodontha pang'onopang'ono.

"Ndi wopepuka," anatero. Sananene mwachipongwe. Anatembenuka kundiyang'ana m'maso, koyamba chifikireni. "Mwana wanga wakhala yekha zaka zonsezi chifukwa cha kanthu kopepuka chonchi?"

Ndinaika manja anga onse awiri pa lambayo n'kukanikiza ndi thupi lonse. Madzi anayamba kutuluka m'mbali mwa bokosi, kuyenderera pasimenti mpaka pa jombo zanga.

"Eya, choncho," anatero apongozi. "Usachotse manja mpaka ndikuuze."

Michiyo anapukuta manja pa epuloni, anatuluka panja, n'kuyamba kutsitsa nsalu ya pakhomo, imene imasonyeza kuti shopu ndi yotsegula.